Kasingano ndi Nyenyezi ya Ulusi

Uyu ndi Kasingano. Ndi mtsikana wamng'ono. Ndi wowonda ngati singano ya amayi ake. N'chifukwa chake aliyense amamutchula Kasingano.

Kasingano ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukhala nyenyezi. Ankafuna kukhala nyenyezi m'sewero la kusukulu.

Amayi ake ndi telala. Amasokera m'chipinda chakumaso kwa nyumba. Makina awo amalira kuti tekete, tekete, tekete. Phazi limapalasa makina. Pakamwa pamaimba nyimbo zotamanda Mulungu.

Kasingano ali ndi mchimwene wake. Anzake amamutchula Chiphaliwali. Chiphaliwali amadya msanga. Amathamanga msanga. Amatopanso msanga.

Tsiku lina aphunzitsi anaitana ana onse m'holo. Aakulu anabwera. Aang'ono anabweranso. Patebulo panali sikelo yakale. Sikeloyo inali ndi mbale ziwiri. M'mbale imodzi munali kachitsulo.

"Tichita sewero," anatero aphunzitsi. "Tionetsa makolo mmene nyenyezi zimabadwira."

Kasingano anakweza mkono.

"Aphunzitsi, kodi nyenyezi imabadwa? Nanga amayi ake ndani?"

Ana onse anaseka. Aphunzitsi anamwetulira.

"Amayi ake ndi mtambo," anatero. "Si mtambo wa mvula ayi. Ndi mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi. Uli kutali, kutali kwambiri."

Aphunzitsi anakunga manja ngati agwira mpira.

"Mpweya ndi fumbi zimakokana. Zimaunjikana pamodzi. Zimapanga mpira. Mpirawo umadzifinya wokha. Ukadzifinya, pakati pamatentha. Pakatentha kwambiri, nyenyezi imayaka."



"Mpira wolemera umadzifinya mwamphamvu," anatero aphunzitsi. "Umatentha msanga. Umayaka msanga. Kuwala kwake ndi kwabuluu."

"Ameneyo ndine!" anafuula Chiphaliwali.

"Mpira wopepuka umadzifinya pang'onopang'ono. Umachedwa kutentha. Umachedwa kuyaka. Kuwala kwake ndi kofiira."

Kasingano anakwezanso mkono.

"Nanga mpira wopepuka kwambiri?"

"Umenewo suyaka konse, mwana wanga. Mphamvu zake sizikwanira."

Kenaka aphunzitsi anafotokoza lamulo la sewero. Mwana aliyense apange mpira wa zidutswa za nsalu. Mpirawo auike pa sikelo. Mpira ukatsitsa mbale, mwanayo alandira tochi. Mwanayo akhala nyenyezi. Mpira ukalephera, mwanayo akhala fumbi. Afunda nsalu yotuwa. Akhala pansi kumbuyo. Salandira tochi.

Mnyamata wina analoza Kasingano.

"Fumbi lathu ndi ili!"

Kasingano anakwinya nkhope.

"Ine sindikhala fumbi," anatero. "Ine ndiyaka."

Belu linalira. Aphunzitsi anakweza chala.

"Mawu amodzi atsala. Nyenyezi yoyaka msanga imathanso msanga."

Kasingano anamva. Chiphaliwali sanamve. Anali atatuluka kale pakhomo.

Chiphaliwali anathamanga. Anafika kunyumba woyamba. Amayi anali atapita kukagula mabatani. Pansi pa tebulo panali dengu la zidutswa. Chiphaliwali anakhuthula dengu lonse. Anatenga zidutswa zazikulu. Anatenga zidutswa zazing'ono. Anakulunga. Anamanga. Mpira wake unakula ngati mutu wake.

Kasingano anafika mochedwa. Miyendo yake ndi yaifupi. Anasuzumira m'dengu. M'dengu munalibe kanthu.

"Achimwene, mwatenga zonse?"

"Wachedwa wekha," anatero Chiphaliwali. "Ukanabwereka miyendo."

Amayi analowa. Anaona dengu. Anaona mpira waukulu. Anaona nkhope ya Kasingano.

"Iwe mnyamata," anatero amayi. "Masula mpirawo. Ugawane ndi mlongo wako."

"Ayi, amayi," anatero Kasingano. "Asamasule."

"Nanga iwe upanga ndi chiyani?"

Kasingano analoza pansi. Pansi panali tiulusi. Tiulusi tofiira. Tiulusi toyera. Tiulusi takuda. Panalinso tinsalu tating'ono ngati zikhadabo.

"Ndipanga ndi timeneti."

Chiphaliwali anaseka mpaka kugwa pampando.

"Zinyalala! Nyenyezi ya zinyalala!"

Kasingano anangotenga tsache.

Kasingano anasesa pansi pa makina. Anasesa pansi pa tebulo. Anasesa kuseri kwa chitseko. Anatola kaulusi kalikonse. Anakulunga pa chala. Ankakulunga akuimba kanyimbo kake.

"Kaulusi, bwera. Kansalu, bwera. Ine ndiyaka."

Mawa lake anasesanso. Mkuja anasesanso. Makina akalira, tiulusi timagwa. Tiulusi tikagwa, Kasingano amatola.

Mayi wina anabwera kudzayesa diresi. Anaona Kasingano akukwawa pansi.

"Mwana uyu wataya chiyani?" anafunsa.

"Sanataye kanthu," anayankha amayi. "Akupanga nyenyezi."

"Nyenyezi? Pansi pa tebulo?"

Kasingano anasuzumira.

"Zikomo, mayi. Takwezani phazi pang'ono. Mwaponda nyenyezi yanga."

Mayi uja anakweza phazi msanga. Pansi pa nsapato panali kaulusi kachikasu.

Mpira wa Kasingano unayamba ngati batani. Kenaka unakula ngati dzira. Kenaka unadzaza dzanja lake.

"Kaulusi, bwera. Kansalu, bwera. Ine ndiyaka."

Tsiku loyeserera linafika. Ana anaima pamzere. Aliyense ananyamula mpira wake.

Chiphaliwali anali woyamba. Anaika mpira wake pa sikelo. Mbale inagwa kuti go! Kachitsulo kanadumpha. Aphunzitsi anamupatsa tochi yaikulu yabuluu.

Ena anaika mipira yawo. Mbale inatsika bwinobwino. Iwo analandira matochi achikasu.

"Inu muli ngati dzuwa lathu," anatero aphunzitsi. "Simulemera kwambiri. Simupepuka kwambiri."

Kasingano anali womaliza. Anaika mpira wake. Mbale sinatsike. Sinagwedezeke n'komwe.

"Fumbi! Fumbi! Fumbi!" anaimba ana.

Aphunzitsi anawaletsa. Anawerama pafupi ndi Kasingano. M'manja mwawo munali nsalu yotuwa.

"Mwana wanga, fumbi nalonso ndi lofunika. Popanda fumbi palibe nyenyezi."

"Ndamva, aphunzitsi."

"Ndiye tenga nsaluyi."

Kasingano anabisa manja kumbuyo.

"Pepani, aphunzitsi. Sewero silinafike. Ndibweranso."

Aphunzitsi anamuyang'ana. Kenaka anapinda nsalu ija.

"Chabwino. Sikelo ikudikira."

Kunyumba Kasingano analowa pansi pa tebulo. Sanatenge tsache. Sanaimbe. Misozi inagwera pa mpira wake.

Makina anasiya kulira. Amayi anagwada pansi.

"Tuluka, Kasingano wanga."

"Sindituluka."

"Ndiye ndilowa ine."

Amayi analowa pansi pa tebulo. Mutu wawo unagunda thabwa. Kasingano anaseka pang'ono.

"Amayi, kodi Mulungu amakonda nyenyezi zazikulu zokha?"

"Ayi, mwana wanga. Amene analenga zazikulu ndi yemweyo analenga zazing'ono. Zonse amazidziwa. Palibe imene amaiiwala."

"Ngakhale yochedwa?"

"Ngakhale yochedwa. Anthufe ndiye timatopa kudikira. Iye satopa."

Kasingano anapukuta maso. Anatsinzina. Anapemphera.

"Ambuye, Inu mumaona ngakhale kaulusi ka pansi. Ndipatseni manja osatopa. Amen."

"Amen," anatero amayi.

Chiphaliwali anali pakhomo. Anamva zonse. Anayang'ana mpira wake waukulu. Mtima wake unamuwawa.

Kasingano anatenganso tsache. Anasesa m'makona. Anatola tiulusi ta pa mpando. Anatola tiulusi ta pa siketi ya amayi. Mpira unakula pang'ono. Unakulanso pang'ono.

Tsiku la sewero linafika. Kasingano anapita kukasamba. Mpira wake unali pabedi. Chiphaliwali analowa monyang'ama. Anakankha ulusi wa mpirawo ndi chala. Analowetsamo mwala. Anatsekanso bwinobwino.

Amayi anamanga tsitsi la Kasingano. Anamanga ndi mariboni ofiira. Ina uku, ina uku.

"Pitani," anatero amayi. "Ine ndibwera masana."

Panjira Kasingano anaima. Anayesa mpira m'dzanja. Anauponya m'mwamba. Anauwakha.

"Mpirawu walemera bwanji?"

"Wakula basi," anatero Chiphaliwali. "Tiye, tichedwa."

Kasingano analowetsa chala. Anakhudza chinthu cholimba. Anachitulutsa. Unali mwala.

"Achimwene, ichi n'chiyani?"

"Khala chete, iwe! Ndakuthandiza. Palibe amene adziwe."

"Mulungu wadziwa kale. Inenso ndadziwa."

"Koma mbale itsika! Ulandira tochi!"

"Sindifuna tochi yabodza."

Kasingano anaponya mwala m'ngalande. Mwala unati thi!

Chiphaliwali anagwira mutu.

"Mwana wamakani iwe! Ukhala fumbi!"

"Tiona," anatero Kasingano.

M'holo makolo anayamba kulowa. Mipando inadzaza. Sikelo inali pambali pa nsanja. Aphunzitsi anaitana Kasingano. Nsalu yotuwa inali paphewa pawo.

Kasingano anaika mpira wake. Mbale inagwedezeka. Inatsika pang'ono. Inakweranso. Kenaka inaima. Kachitsulo kanali kadakali pansi.

"Watsala pang'ono zedi," anatero aphunzitsi. "Pepa, mwana wanga."

Anatambasula nsalu yotuwa.

"Dikirani, aphunzitsi!"

Kasingano anayang'ana malaya ake. Anapeza kaulusi pa mkono. Anakakulunga pa mpira. Mbale sinatsike. Anapeza kena pa thumba. Anakakulunga. Mbale sinatsike.

"Fumbi," ananong'ona mnyamata uja.

Kasingano anagwira kumutu. Anamasula riboni imodzi. Anamasula inayo. Tsitsi lake linaima njoo ngati tsache. Ana anaseka. Kasingano sanasamale. Anakulunga mariboni pa mpira. Anamanga mwamphamvu.

"Wabera!" anafuula mnyamata uja.

"Sanabere!" anatero Chiphaliwali. Mawu ake anamveka m'holo monse. "Mlongo wanga sabera. Ine ndikudziwa."

"Riboni ndi nsalu," anatero aphunzitsi. "Nayo nyenyezi imakoka zimene zili pafupi. Ika pa sikelo."

Kasingano anaika mpira. Mbale inagwedezeka. Inatsika. Inatsikabe. Inatsikabe. Kachitsulo kanakwera m'mwamba.

Aphunzitsi anaponya nsalu yotuwa pampando. Anapisa m'thumba. Anatulutsa katochi kofiira. Kanali kakang'ono ngati chala.

Kasingano anakalandira ndi manja awiri.

Aphunzitsi anatseka makatani onse. Panja panali dzuwa. M'holo munali mdima. Ana anakwera pa nsanja. Ananjuta pansi. Aliyense anakumbatira mpira wake.

Mawu a aphunzitsi anamveka mumdima.

"Taonani mtambo. Mpweya ndi fumbi zikukokana. Mipira ikudzifinya. Ndani ayambe kuyaka?"

"Ine!" anafuula Chiphaliwali.

Anadumpha. Anayatsa tochi yabuluu. Kuwala kunafika mpaka kudenga. Makolo anawomba m'manja.

"Nyenyezi yolemera yabadwa," anatero aphunzitsi. "Yabadwa msanga. Ikuwala kwambiri. Ikutentha kwambiri."

Chiphaliwali anavina. Anazungulira. Anaunika nkhope za anthu.

Kasingano ananjutabe pansi. Nthawi yake inali isanafike.

"Nyenyezi yolemera imadya msanga mpweya wake," anatero aphunzitsi. "Tsopano yatha. Zimitsa, Chiphaliwali."

"Aa, aphunzitsi! Ndangoyamba kumene!"

Makolo anaseka.

"Ndinanena tsiku lija. Iwe unali utathamanga. Zimitsa."

Tochi yabuluu inazima. Chiphaliwali anakhala pansi mumdima. Anang'ung'udza.

Kenaka matochi achikasu anayaka. Ina apa. Ina apo. Makolo anawombanso m'manja.

Kasingano ananjutabe pansi. Mawondo anamuwawa. Chala chake chinali pa katochi. Koma sanayatse.

Bambo wina ananong'ona. "Kamwana kaja kaiwala?"

"Sikanaiwale," anayankha amayi. "Kakudikira."

Kasingano anafinya mpira wake pachifuwa. Anaimba chamumtima.

"Kaulusi, bwera. Kansalu, bwera. Ine ndiyaka."

"Pali mpira wina," anatero aphunzitsi. "Ndi wopepuka. Wadzifinya pang'onopang'ono. Watentha pang'onopang'ono. Sunasiye. Tsopano nthawi yake yakwana."

Kasingano anaimirira. Anakweza dzanja. Anayatsa.

Kuwala kofiira kunaoneka. Kunali kochepa. Koma kunalipo.

Nthawi inapita. Aphunzitsi anatchula nyenyezi zachikasu. Ina inazima. Inanso inazima. Zonse zinazima. M'holo monse munatsala kuwala kumodzi.

"Nyenyezi yopepuka imadya pang'onopang'ono," anatero aphunzitsi. "Imachedwa kubadwa. Imachedwanso kutha. Zina zonse zapita. Iyo ikuwalabe."

Kasingano anaima njii. Tsitsi lake linali m'mwamba. Mkono wake unali m'mwamba. Mkono unatopa. Iye sanautsitse.

Amayi anaimirira pakati pa anthu.

"Ameneyo ndi mwana wanga!"

Anthu anaseka. Anawomba m'manja mwamphamvu.

"Wabuluu uja ndi wanganso!" anawonjeza amayi.

Anthu anasekanso kwambiri.

Sewero linatha. Makatani anali asanatsegulidwe. Ana anayamba kutsika pa nsanja. Chiphaliwali anafuna kutsika woyamba. Anayesa kuyatsa tochi yake. Sinayake. Anali ataiseweretsa masiku onse aja. Tsopano mabatire anali atatha. Anafufuza masitepe ndi phazi. Sanawapeze.

"Kasingano," ananong'ona. "Mlongo wanga."

"Ee, achimwene?"

"Tandiunikira."

"Ndi nyenyezi ya zinyalala?"

Chiphaliwali anakanda kumutu.

"Ndi yomweyo. Pepa."

Kasingano anaunika pansi. Masitepe anaoneka.

"Gwirani dzanja langa, achimwene. Osathamanga."

Anatsika pamodzi, pang'onopang'ono.

Aphunzitsi analola Kasingano kupita ndi katochi kunyumba. Anati akabweze mawa.

Madzulo amayi anatenga mipira iwiri ija. Anaipachika pamwamba pa makina. Waukulu uku. Waung'ono uku. Mariboni ofiira ankalendewera.

Chiphaliwali anamasula chidutswa chimodzi pa mpira wake. Chinali chokongola kuposa zonse. Anachipereka kwa amayi.

"Musokere mlongo wanga mariboni ena."

Amayi anamusisita pamutu. Anakhala pa makina. Anatenga ulusi. Anafuna kulowetsa pa singano. Dzuwa linali likulowa. Maso awo sanaone bwino. Anayesa. Analephera. Anayesanso. Analephera.

"Dikirani, amayi," anatero Kasingano.

Anayatsa katochi kake. Kuwala kofiira kunagwera pa singano. Kabowo kanaoneka. Ulusi unalowa.

"Atamandike Mulungu," anatero amayi. "Wandipatsa nyenyezi m'nyumba."

Makina anayamba kulira. Tekete, tekete, tekete. Amayi anayamba kuimba. Tiulusi tinagwa pansi.

Chiphaliwali anawerama. Anatola kaulusi kamodzi. Anakaika m'dzanja la mlongo wake.

Kasingano anamwetulira. Anagwirabe katochi m'mwamba.

"Ndinakuuzani," anatero. "Ine ndayaka."